Kodi ma ICU akagwirizana m'dera limodzi, mawu omaliza amakhala ndi ndani?

Nachisale wa ku Soweto analemba kuti:

Moni nonse akuluakulu. Ndine namwino ndipo ndagwira ntchito zaka 6 m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene tonse timangochitchula kuti ICU, pachipatala china muno mu Johannesburg. Sabata yatha a metironi anandiuza kuti ndikaimire wodi yathu pa zokambirana zofuna kuti ma ICU a zipatala zingapo za m'dera lathu azigwirira ntchito pamodzi. Ndinavomera, koma kunena zoona sindikudziwa kuti mgwirizano wotere umayendetsedwa ndi ndani.

Chimene chikundivutitsa maganizo ndi ichi. Usiku wina tinali ndi wodwala wofunika makina othandiza kupuma pamene mabedi athu onse anali odzaza, ndipo dokotala wachinyamata amene anali pa ntchito anatha maola atatu akuimba foni chipatala ndi chipatala, kulikonse akumuuza kuti adikire kaye bwana. Kodi mgwirizano ukakhazikitsidwa pamakhala munthu wokhoza kulamula kuti wodwala alandiridwe? Nanga ife anamwino malo athu amakhala pati?

Dotolo wa ku Zomba anayankha kuti:

Zikomo Mayi Nachisale chifukwa cha funso lanu. Ndinagwirapo ntchito ku England, kumene migwirizano yotere inayamba potsatira lipoti la unduna wa zaumoyo la chaka cha 2000, ndipo maudindo aakulu amakhala atatu. Pamakhala dokotala wamkulu wotsogolera za chithandizo, amene nthawi zambiri amapitiriza kuona odwala pachipatala chake n'kupatula masiku ochepa oti azigwirira mgwirizano. Pamakhalanso namwino wamkulu, komanso manijala amene amasunga ziwerengero, kuitanitsa misonkhano ndi kulankhulana ndi amene amapereka ndalama.

Koma musayembekezere kuti mtsogoleriyo adzakhala ngati mfumu. Salemba aliyense ntchito, sachotsa aliyense ntchito, ndipo sangaimbire chipatala china n'kunena kuti tsegulani bedi. Mawu omaliza pa wodwala aliyense amakhalabe ndi dokotala wamkulu wa ICU imene ikulandira, popeza ndi iyeyo amene adzayankhe mlandu zinthu zikalakwika. Ntchito ya mtsogoleri ndi kuonetsetsa kuti madokotala onsewo agwirizana masana, mitu ili phee, za mfundo zimene adzatsatire usiku: wodwala wotani ayenera kulandiridwa msanga, wotani angadikire, ndipo amene wayamba kupeza bwino abwezedwe liti kuchipatala chimene anachokera. Ku South Africa simuyambira pachabe, chifukwa bungwe la Critical Care Society of Southern Africa linatulutsa kale mu 2019 malangizo a kasankhidwe ka odwala olowa mu ICU. Ndiponso zipatala zazikulu monga Chris Hani Baragwanath ndi Charlotte Maxeke zili kale ndi zipatala zing'onozing'ono zimene zimatumiza odwala kwa izo, ndipo madokotala ake ambiri amadziwana kudzera ku yunivesite ya Wits.

Sisitala Nabanda anayankha kuti:

A dokotala afotokoza bwino, koma pepani, namwino wamkulu amutchula mongodutsa, pamene nkhani yonse yagona pamenepo. Mng'ono wanga Nachisale, ukudziwa wekha kuti mu ICU bedi si chitsulo ndi matiresi ayi. Wodwala amene ali pa makina othandiza kupuma amafunika namwino wakewake usana ndi usiku, ndipo amene ali pang'ono bwino, monga a ku high care, namwino mmodzi amasamalira awiri. Choncho wodi ikhoza kukhala ndi mabedi 12 ndi makina okwanira, koma ngati usiku umenewo kwabwera anamwino 8, mabedi enawo ndi okongoletsa chabe. Dokotala akamati palibe malo, kawirikawiri amakhala atafunsa kaye sisitala woyang'anira shifiti.

N'chifukwa chake ine ndimati namwino wamkulu wa mgwirizano asakhale wongolemba zokambirana pamsonkhano. Iyeyu ndiye ayenera kudziwa kuti pachipatala chilichonse pali anamwino angati amene anachita maphunziro apadera a ICU ovomerezeka ndi South African Nursing Council, ndi angati amene akungophunzirira pa ntchito, ndiponso kuti mashifiti angati akudalira anamwino a ku ejensi. Ndiye woyeneranso kuonetsetsa kuti kasungunulidwe ka mankhwala amphamvu opita m'mitsempha n'kofanana m'zipatala zonse, kuti wodwala akasamutsidwa namwino womulandira asayambe kuwerengera mwatsopano pakati pa usiku. Tonse tikukumbukira moto umene unabuka ku Charlotte Maxeke mu Epulo 2021, pamene odwala mazanamazana anasamutsidwira ku zipatala zina. Tsiku ngati limenelo funso silikhala lakuti bwana ndi ndani, koma lakuti ndi wodi iti imene ili ndi manja okwanira. Ukapita kumsonkhanoko uumirire kuti udindowu ukhale ndi maola ake olipidwa, chifukwa akangoupachika pa munthu amene akuyendetsa kale wodi, udzafera m'mazira.

Achimwene a pa ambulansi anayankha kuti:

Ndiwonjezereko za ife a pamsewu, amene nthawi zambiri timaitanidwa zonse zitagamulidwa kale. Kusamutsa wodwala wa pa makina si ntchito ya ambulansi iliyonse. Pamafunika galimoto yokhala ndi makina ake ndi mpweya wokwanira ulendo wonse, komanso paramediki wa maphunziro apamwamba, monga amene amachita digiri ya zaka zinayi ku University of Johannesburg n'kulembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala. Anthu oterewa ndi ochepa. Mgwirizano wanu ukhale ndi woimira ma ambulansi kuyambira tsiku loyamba, ndiponso munthu mmodzi pa shifiti iliyonse wokhala ndi foni imodzi yodziwika, amene ali ndi mndandanda wa mabedi opanda anthu m'dera lonse. Dokotala wanu uja akanaimba kamodzi kokha.

Nachisale wa ku Soweto anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Achemwali a Nabanda, mfundo ya maola olipidwa ndailemba poyamba penipeni. Komabe a dokotala, chinthu chimodzi sichinandikhalire bwino. Ngati madokotala onse agwirizana mfundo masana, koma usiku wina wakana wodwala woyenera kulandiridwa bedi ndi namwino zilipo, nkhaniyo imakatulidwa kwa mtsogoleri wa mgwirizano kapena kwa mkulu wa chipatala chake? Msonkhano uli Lachinayi, ndiye ndingakonde kumva musanafike tsikulo.