Ndithandizeni: kufikira kwa mnzanga ku Cape Town

Moni nonse abale anga. Mwezi wamawa ndikunyamuka ku Blantyre pa basi, chikwama kumsana, kudzera ku Mwanza, Tete, Harare mpaka Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa. Ku Cape Town ndikafikira kwa mnzanga wa kusekondale, koma chipinda chomwe amagona ndi cha lendi ndipo mwininyumba safuna mlendo wogona masiku ambiri. Mtima wanga suli m'malo.

Ndinamupempha kalata yondiitana, akuti pangano la nyumba silili m'dzina lake. Ndafufuzanso malo ogona otchipa pa intaneti, mitengo yake sindingakwanitse kwa masiku 30 omwe ife Amalawi timaloledwa kukhala m'dzikomo.

Inu amene munadutsa pa Beitbridge posachedwapa, kodi adiresi ndi nambala ya foni ya mnzangayo n'zokwanira kuti andilole kulowa? Nanga mwininyumba mungamufikire bwanji kuti mnzanga asathamangitsidwe chifukwa cha ine?