Thandizeni abale, ndachita overclock ndiye kompyuta ikungozima yokha

Membala wosatchula dzina:
Abale anzanga, mutu waima. Ndili pa Dedza boma, ndimajambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta ndinagula chaka chatha ndi ndalama zobwereka kwa alamu anga, mpaka lero sindinamalize kubweza, moti akabwera kunyumba amangoiyang'ana osayankhula. Vuto ndi loti vidiyo imachedwa kutuluka ndikamaliza kuikonza. Pano ndili ndi ukwati wa ku Lobi wa mwezi watha, mayi a mkwatibwi akuimba m'mawa ndi madzulo, dzulo anachita kutuma mnyamata pa njinga kudzafunsa. Mnzanga amene tinkagwira naye anachoka ndi kamera imodzi, akujambula payekha ku Chimbiya, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ndiye ndinaonera pa YouTube za overclock, kukakamiza processor (ubongo wa kompyuta) kuti izithamanga kuposa liwiro lake la ku fakitale, kuti vidiyo izituluka msanga. Ndinalowa mu BIOS (posinthira ma setting a kompyuta Windows isanatseguke), multiplier (nambala yokwezera liwiro la processor) ndinaika 45, voltage ndinaika 1.45 poti munthu wa pa vidiyoyo anati ikachepa makina sakhazikika. Windows inatseguka bwinobwino. Nditatsegula Prime95, pulogalamu yopanikiza processor ndi ntchito, kuti ndiyese, pasanathe mphindi 5 fani inayamba kulira ngati chigayo, kenako yazima. Kachiwiri inabweretsa screen ya buluu. Kodi ndaotcha? Kapena ndiwonjezere voltage? Akazi anga akuti ndigulitse tiyambe geni ya kachewere ku Bembeke. Chonde osanditukwana, sindinagone.

Mphatso K.: Processor yake ndi iti, achimwene? Motherboard yanji? Cooler yanji? Kutentha kunafika pati? Popanda zimenezi tingolosera. Koma voltage MUSAWONJEZERE.

Gift wa pa Ntcheu: Musavutike ndi mafunso ambirimbiri. Ndi POWER SUPPLY imeneyo. Ine ndakhala ndikutsegula makompyuta kuyambira nthawi ya Pentium 4. Anthu mumagula bokosi lokongola la magetsi owalawala, mkati muli power supply yopepuka ngati paketi ya bisiketi, yolembedwa 500W koma yabodza. Overclock imakoka magetsi ambiri, iyo imagonja. Ndiponso muli ndi UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi kaja? Ndikudziwa mulibe.

Yankho B.: Kkkkk mayi a mkwatibwi afika okha mawa, konzani mpando

Mai a Tadala: Inu ojambula ndinu amodzi. Wathu anatenga ndalama zonse chinkhoswe chisanachitike, vidiyo tinailandira mwana atabadwa, theka lake mulibe mawu. Muziwauza anthu zoona m'malo mozimitsa foni.

Membala wosatchula dzina: Mayi, ine foni sindizimitsa, ndimayankha nthawi zonse. A Gift, UPS ndilibedi, ndimafuna kugula koma lendi ya shopu anakweza mu Januwale osatichenjeza.

Gift wa pa Ntcheu: Mwaonatu. Ndinanena ine.

Mphatso K.: A Gift, UPS imathandiza magetsi akathima kapena akamasinthasintha, koma apa munthu wanena yekha kuti ikuzima akatsegula Prime95, fani ikulira kaye. Kumeneko ndi kutentha. Processor ikafika malire ake, Intel ambiri pa madigiri 100, Ryzen ngati 3600 pa 95, imadzichepetsa liwiro, zikapitirira imazimitsa makina kudziteteza. Voltage ya 1.45 yokhazikika ndi yambiri pa ma processor ochuluka, makamaka ngati cooler ndi kaja kamabwera m'bokosi. Achimwene, bwererani mu BIOS musankhe Load Optimized Defaults kuti zonse zibwerere mmene zinalili poyamba. Kenako ikani pulogalamu ya HWiNFO kapena HWMonitor muone kutentha musanasinthe kalikonse.

Gift wa pa Ntcheu: Za m'buku izo. Ine ndikunena zomwe ndaona ndi maso. Mnyamata wina wa ku Lizulu anabwera ndi yake ikununkha utsi, power supply inaphulika n'kutenga motherboard ndi hard drive, zithunzi za makasitomala zonse zinapita. Analira pashopu panga ngati pamaliro.

Steve Dz: Ku Dedza kompyuta ingatenthe? Kkkk tsegulani zenera basi, mphepo ya m'phirimo ndi cooler yaulere

Limbani C.: Steve, mu Juni ndi Julaye mwina. Koma overclock imene yakhazikika m'nyengo yozizira imadzakugwetsa mu Okutobala. Komanso boma lili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, mpweya ndi wopepukirako, fani siichotsa kutentha ngati kunyanja. Kusiyana si kwakukulu koma kulipo. Chachikulu ndi fumbi. Shopu ikakhala m'mbali mwa msewu, heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa processor, imadzaza ngati chisa. Itsukeni ndi blower, thermal paste (phala lopaka pakati pa processor ndi heatsink) yakale muchotse muike ina, kadontho kamodzi pakati.

Steve Dz: Aphunzitsi a jogalafe afika

Chisomo P.: Ine thermal paste itandithera ndinapaka mankhwala otsukira mano, inagwira sabata imodzi kenako inauma gwa. Musayesere.

Gift wa pa Ntcheu: Paste, fumbi, mphepo, zonsezo n'zachabe ngati magetsi olowa ndi oipa. Gulani power supply ya 80 Plus ya kampani yodziwika. Ndipo ana a masiku ano mukuthamangira overclock chifukwa cha YouTube, azungu amenewo akaotcha amagula ina mawa lake, inu mwabwereka kwa alamu.

Limbani C.: Apo pokha a Gift ndagwirizana nanu. Tiwerengere limodzi. Multiplier 45 kuchulukitsa ndi 100 MHz ndi 4.5 GHz. Tinene kuti processor yanu imafika kale 4.2 payokha, mwapindula 7 pa 100 iliyonse. Vidiyo yotuluka mu ola limodzi izituluka mu mphindi ngati 56. Mphindi 4 zokha, n'kuika pachiswe chida chomwe mukudyera? Ngati muli ndi khadi ya graphics ya Nvidia tsegulani hardware encoding, NVENC, mu pulogalamu yanu yokonzera vidiyo, kuti khadiyo ndiyo izitulutsa vidiyo m'malo mwa processor. Ngati mukadali pa hard drive, SSD, chosungira zinthu chachangu kuposa hard drive, ikuthandizaninso.

Mphatso K.: Ngati mukufunabe, kachitidwe kake ndi aka. Yambani pa default, yesani liwiro ndi pulogalamu ya Cinebench mulembe zotsatira ndi kutentha. Kwezani multiplier ndi 1 yokha, voltage osaigwira, yesani ndi pulogalamu ya OCCT kapena Prime95 mphindi 15 maso ali pa kutentha. Ikadutsa madigiri 85 imitsani. Ikapambana kwezani 1 ina. Ikagwa, bwererani m'mbuyo kapena onjezani voltage pang'ono kwambiri, ngati 0.01. Pomaliza muisiye maola angapo, kenako mutulutse vidiyo yeniyeni. Dziwani kuti Small FFTs, imodzi mwa njira zoyesera za mu Prime95, imatenthetsa kuposa ntchito wamba. Koma zonsezi zidalira processor. Intel imafuna yokhala ndi K pamapeto pa dzina lake komanso motherboard ya Z. Ryzen imalola pa motherboard ya B450 kapena B550, pa A320 ayi. Ndiye ndi iti?

Mai a Tadala: Ine ndingoti mverani akazi anu. Kachewere sazima.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. A Gift, power supply yabwino ikupezeka pa ndalama zingati? Panopa ndayesa kuyatsa kuti ndibweze default, fani ikuzungulira koma screen ili bii, ngakhale BIOS sikubwera. Alamu akuti abwera Loweruka.

Gift wa pa Ntcheu: Yapita imeneyo. Kwerani minibasi mubwere nayo ku Ntcheu, inbox.

Mphatso K.: Musakwere kaye. Zulani chingwe kukhoma, tsegulani bokosi, pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032. Kachotseni mphindi 5, dinani batani loyatsira kangapo, kabwezereni. BIOS iiwala zomwe munaika. Ikayaka, choyamba koperani ukwati wa ku Lobi pa flash kapena hard drive ina. Muli momwemo jambulani motherboard ndi cooler mutumize pano tione.

Gift wa pa Ntcheu: Ajambulenso power supply.