K45,000 ya anyamata olonda usiku yautsa mkangano pagulu la banki mkhonde

Wosunga kiyi: Mwadzuka bwanji nonse. Amlembi, dzulo mwawerenga kuti m'thumba la zadzidzidzi muli K38,000. Sabata yatha munali K83,000. Maliro sindinamve, wogonekedwa kuchipatala palibe. K45,000 yalowera kuti?

Mlembi: Funsani amsungichuma, achemwali. Ine ndinalemba zomwe ndinauzidwa.

Msungichuma: Musandiyese wakuba chonde. Amfumu anaitanitsa magulu onse Lamulungu. Achitetezo cha m'mudzi analipo khumi, atsala atatu. Mvula yayamba, ku esiteti akulemba othyola tiyi, anyamata athamangira komweko, ena ali pa kabaza ku Limbuli. Tinagwirizana kuti watsopano aliyense alandire K15,000 ya sopo ndi mabatire a tochi. Gulu lathu linagwera anyamata atatu.

Wosunga kiyi: Munagwirizana ndi ndani? Bokosi lili ndi makiyi atatu, imodzi ili pamkanda wanga pano.

Msungichuma: Bokosi sindinalikhudze. Ndinatapa zija zinatsalira pa Mpamba.

Amayi a zigumu: Ndiye mwati za pafoni zilibe eni? Eee, koma ziliko.

Abambo a kabaza: Amayi, tiyeni tione mbali zonse. Mbuzi za alamu anga zinatuluka m'khola usiku, mapazi ake anakathera kumtsinje wa Muloza. Zikaoloka kupita mbali ya Milange ku Mozambique mumazitsata bwanji? Apolisi ndi ochepa, midzi ndi yambiri, ndipo wapolisi sapangidwa tsiku limodzi: pamafunika MSCE, kenako miyezi kusukulu ya apolisi ku Kanjedza, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni, akamaliza n'kumutumiza boma lina. Otilondera ife ndi anyamata a wezulo ndi tochi omwewa, ndipo boma siliwalipira, ndi ongodzipereka. Kuyenda mumvula usiku wonse, m'mawa ana akufuna phala, ndani angapirire?

Wosunga kiyi: Alamu, zoti anyamata akuvutika sindikutsutsa. Koma malamulo tinalemba tokha: thumba ili ndi la maliro, matenda ndi ngozi. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, nyumba zitagwa, ndi thumba lomweli linatigulira mapepala apulasitiki ndi ufa. Mvula ndi iyi yabweranso. Wina khoma likamugwera mawa timupatsa mabatire?

Agogo: Ana inu, ine changa n'chimodzi. Mwapatsa atsopano. Nanga atatu otsala aja? Mmodzi walonda kuyambira mdzukulu wanga ali kumsana, pano ali Sitandade 4, sanalandirepo ngakhale sopo wa mtanda. Jekete lake lonyezimira linachita kung'ambika paphewa, amalimanga ndi luzi. Lero aone mwana wadzulo akulandira K15,000 asanayende n'komwe usiku umodzi. Mawa nayenso asiya, kuti mumuitane ngati watsopano.

Amayi a zigumu: Agogo mwalasa. Ndipo atsopanowo analonjeza kukhala miyezi ingati? Kapena akadya ndalamayo nawonso ulendo wa ku tiyi?

Msungichuma: Za miyezi sizinakambidwe.

Amayi a zigumu: Ndifunsenso pang'ono, pa atatuwo mulibe mwana wa achimwene anu?

Msungichuma: Alimo, koma anasankha ndi amfumu, osati ine. Mukafunse.

Wapampando: Basi, zisafike pamaina a ana. Amsungichuma, cholinga chinali chabwino koma njira munaphonya. Mukanaimba foni, tikanakumana pakhonde madzulo omwewo. Maganizo anga ndi awa. K45,000 ilembedwe ngati ngongole yanu, ibwerere m'thumba tisanagawane mu Disembala. Chiwongoladzanja tisaike, poti simunadye nokha. Za olonda tisonkhe padera, K1,000 aliyense pamwezi, zizilipidwa mwezi ukatha, akale ndi atsopano mofanana.

Msungichuma: Ndibweze ndekha ndalama yolondera mudzi wonse? Mbuzi ndilibe n'komwe ine.

Abambo a kabaza: K10,000 ndikuthandizani, alamu anga aikaponso.

Wosunga kiyi: Chiwongoladzanja ndavomera kusiya, koma chindapusa cha kutapa ndalama gulu lisanamve chikhalepo. Ine ndinalipira K500 chifukwa chongochedwa pamsonkhano. Komanso PIN ya Mpamba isakhale ndi munthu mmodzi, foni isunge wina, nambala adziwe wina.

Mlembi: Ndalemba zonse. Tivota Lachinayi 2 koloko. Amsungichuma mubwere ndi foni, mauthenga a Mpamba musafufute.

Msungichuma: Ndibwera. Koma amfumu mukawauze nokha kuti mwezi wamawa za atsopano kulibe.