Pulogalamu yabwino yoonera mafilimu pa kompyuta ya kunyumba

Wofunsa:
Akuluakulu, ndili ndi kompyuta yakale ya Windows 10 imene ana amaonerapo mafilimu, koma mafayilo ena a MKV akungotulutsa mawu popanda chithunzi, ndipo ma DVD sakutseguka n'komwe. Kodi ndiikemo pulogalamu iti?

Yankho loyamba:
Ikanimo VLC, bambo. Ndi yaulere, imapangidwa ndi bungwe la VideoLAN la ku France, ndipo imabwera ndi makodeki akeake (timapulogalamu tothandiza kompyuta kuwerenga mafayilo a vidiyo ndi a mawu), choncho imatsegula MKV, MP4, AVI ngakhalenso ma DVD popanda kuwonjezera china chilichonse. Mukaika fayilo ya SRT (yokhala ndi mawu olembedwa a zimene anthu akulankhula mufilimu) m'foda imodzi ndi filimuyo, zonse zili ndi dzina lofanana, mawu olembedwa amaonekera okha. Koma muitenge pa tsamba la VideoLAN lenilenilo, chifukwa masamba ena amaphatikizamo zinthu zosafunika.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana nawo, komabe pa kompyuta yofooka ine ndimakonda MPC-HC, chifukwa ndi yopepuka kwambiri, ngakhale kuti imagwira pa Windows pokha.

Yankho lachitatu:
Muonenso mtundu wa vidiyo. Ngati ili ya H.265, kompyuta yakale ikhoza kumadukizadukiza ngakhale mutasintha pulogalamu. Funani ya H.264.