Kodi Mulungu angalandire munthu wobwera chimanjamanja?

Mayi wa ku Dedza analemba kuti:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndili ndi funso limene landisowetsa tulo kwa masabata atatu tsopano, ndipo ndikupempha kuti inu amene mumadziwa bwino Malemba mundithandize mosapita m'mbali.

Ndili ndi mlongo wanga, mzime m'banja mwathu, amene anabatizidwa ali wakhanda, analowa kalasi, ndipo anayamba kudya Mgonero ali ndi zaka 17. Atapita ku Johannesburg kukafuna ntchito anasiya kupemphera, analowerera ndi mowa, ndipo mkazi amene anamusiya kumudzi ndi ana awiri sanamutumizire ngakhale ya sopo kwa zaka 8. Mpingo unamudula. Chaka chino wabwerera ali wodwala, thupi litatheratu, ndipo amene ndikumudwazika ndine. Usiku wina ndikumumwetsa phala, anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Achemwali, kodi Mulungu angandilandire ine, poti ndilibe chilichonse choti ndimuonetse?" Ndinamuyankha kuti inde, koma yankholo linali la pakamwa chabe, mumtima ndinali ndi chikayiko.

Pa guwa timamva kuti chikondi cha Mulungu chilibe malire ndipo sichiyang'ana ntchito za munthu, komabe pa guwa lomwelo timamvanso kuti lapani, perekani chakhumi, musajombe ku mapemphero. Nanga chipulumutso chimatsamira pati kwenikweni? Ndiulule chinanso chimene chikundichititsa manyazi. Ine ndatumikira m'gulu la amayi kwa zaka 22, pamaliro sindisowa, odwala ndimawayendera, ndipo ndikaganiza kuti mlongo wangayu angalandire zofanana ndi ine, penapake mumtima mwanga pamawawa.

Mkulu wa mpingo, Lilongwe, anayankha kuti:

Mayi, pepani ndi matenda, ndipo zikomo chifukwa chosabisa za mumtima. Yankho limene munapereka usiku uja linali loona, ngakhale kuti inu munalipereka mukunjenjemera.

Ndikupemphani kuti mutsegule Luka 15 ndi kuwerenga fanizo la mwana wolowerera pang'onopang'ono, chifukwa muli kanthu kena kamene ambiri timakadumpha. Mnyamata uja ali kodyetsa nkhumba anakonza mawu atatu oti akanene kwa atate ake: kuti wachimwira kumwamba ndi iwo, kuti sayeneranso kutchedwa mwana wawo, ndiponso kuti amulembe ngati mmodzi wa antchito awo. Mawu achitatuwo ndi a munthu amene akufuna kugula malo ake pakhomo ndi thukuta, ndipo ndi maganizo omwewo amene akuvutitsa mlongo wanu pamene akuti alibe choti aonetse. Tsono onani vesi 20. Atate ake anamuona akadali kutali, asanamve liwu lililonse la kulapa, ndipo anagwidwa chifundo, anathamanga, anamukupatira ndi kumupsompsona. Tonse tikudziwa kuti bambo wachikulire wa ulemu wake sathamanga pamaso pa anthu, makamaka kuthamangira mwana amene anamuchititsa manyazi pamudzi. Ameneyu anathamanga. Mnyamatayo atayamba mawu ake, ananena awiri oyamba okha, ndipo asanafike pa za ganyu zija, atate anali ataitanitsa kale mwinjiro wokongola, mphete ndi nsapato.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse, pa funso loti chimayamba n'chiyani. Paulo pa Aroma 5:8 akuti Mulungu anatsimikiza chikondi chake kwa ife pakuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, osati titasamba kale. Pa 1 Yohane 4:10 timawerenga kuti si ife amene tinayamba kukonda Mulungu, koma Iye ndiye anatikonda natuma Mwana wake kuti akhale nsembe ya machimo athu. Ngakhale m'Chipangano Chakale, Mose pa Deuteronomo 7:7-8 anauza Aisraeli kuti Mulungu sanawasankhe chifukwa cha kuchuluka kwawo, popeza anali ochepa kuposa mitundu yonse, koma chifukwa chakuti anawakonda ndipo anasunga lumbiro limene anachita kwa makolo awo. Mukafufuza chifukwa cha chikondi chimenechi mwa munthu wokondedwayo simuchipeza, chifukwa chili mwa Mulungu mwini.

Kulapa, chakhumi ndi mapemphero zili ndi malo ake, koma zimabwera pambuyo. Mwana satchedwa mwana chifukwa watunga madzi kapena wasesa pabwalo. Amatunga madziwo chifukwa ndi mwana wa pakhomopo kale. Aroma 2:4 akunena momveka kuti kukoma mtima kwa Mulungu ndiko kumatsogolera munthu ku kulapa. Ifenso akulu a mpingo tivomereze kuti nthawi zina timalalikira ngati kuti kulapa kwathu ndiko kumafewetsa mtima wa Mulungu, ndipo potero timasenzetsa anthu katundu amene Khristu anasenza kale pamtanda.

Mphunzitsi wa katekisimu, Zomba, anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zimene akulu a mpingo anena, ngakhale kuti ine ndine Mkatolika ndipo iwo akuoneka kuti ndi a mpingo wina. Komabe ndikufuna kuonjezera chenjezo, chifukwa mawu akuti chikondi chopanda malire ena amawasandutsa bulangete lofunda pamene akupitiriza kuzunza anzawo.

Chikondi cha Mulungu sichiyembekezera kuti munthu akhale woyenera, koma sichikokanso munthu ndi chingwe. Atate aja anathamanga, inde, koma mwanayo anali atanyamuka kuchoka ku nkhumba. Paulo yemweyo amene analemba Aroma 5 anafunsa pa Aroma 6 ngati tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, ndipo anakana kwamtuwagalu. Yakobo 2:17 akuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. M'nkhani ya mlongo wanu muli mayi wina ndi ana awiri amene anagona ndi njala, ndipo Mulungu amene amakonda wodwalayo amawakondanso iwo mofanana. Kumbukirani Zakeyu pa Luka 19. Yesu ndiye anayamba kumuitana ali mumtengo wa mkuyu, asanabweze ngakhale khobidi limodzi, koma chikondicho chitalowa m'nyumba, Zakeyu anapereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kulonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Mlongo wanu alibe chuma, koma pakamwa ali napo, ndipo angathe kuitana mkazi wake ndi ana n'kupepesa. Kupepesako si mtengo wogulira chipulumutso ayi, ndi chizindikiro chakuti chikondi chafikadi pamtima.

Funso lanuli, Mayi, ndi lakale kwambiri mu Mpingo. Mphunzitsi wina wakale dzina lake Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu angathe kutsata malamulo a Mulungu ndi mphamvu za ufulu wake, ndipo Augustine, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anamutsutsa kuti ngakhale kufuna kwenikweniko kobwerera kwa Mulungu ndi mphatso ya chisomo. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Carthage m'chaka cha 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Patapita zaka zoposa 1,000, mkangano umene Martin Luther, wansembe wa ku Germany, anauyambitsa mu 1517 unafika pa funso lomweli, loti munthu wochimwa amayesedwa wolungama bwanji pamaso pa Mulungu, ndipo Msonkhano wa maepiskopi wa ku Trent unapereka yankho la Akatolika mu 1547, kutsimikiza kuti chisomo ndicho chimayamba koma munthu ayenera kuchivomera ndi kuyenda nacho. Mbali ziwirizi, Akatolika ndi otsatira a Luther, zinakhala zikulozana zala kwa zaka mazana anayi ndi kupitirira, mpaka pa 31 Okutobala 1999, pamene Akatolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasainirana chikalata mumzinda wa Augsburg ku Germany. M'menemo anavomerezana kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo kuti Mzimu Woyera amene timalandira ndiye amatikonzanso mitima ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. Zotsalira zosiyana zilipo, koma pa funso la mlongo wanu tonse tingayankhe ndi pakamwa pamodzi kuti angalandiridwe.

Gogo wa ku Mchinji anayankha kuti:

Mwana wanga, azibambowa afotokoza bwino za mlongo wako, koma ine ndikufuna ndilankhule za iwe, chifukwa kuwawa kumene watchula ndinakumvapo pamene malemu amuna anga anatembenuka mtima kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire, atandivutitsa moyo wonse.

Fanizo lija silithera pa phwando. Mwana wamkulu anakana kulowa m'nyumba, ndipo atate anatulukanso kachiwiri kukamudandaulira iyeyo. Sanamukalipire, anamutcha mwana wawo, namuuza kuti iye ali nawo nthawi zonse ndipo zawo zonse ndi zake. Cholakwa cha mwana wamkuluyo chinali chakuti zaka zonsezo ankadziona ngati wantchito wowerengera malipiro, pamene anali mwini khomo. Zaka zako 22 si ngongole imene Mulungu ayenera kukubwezera, ndi zaka zimene wakhala m'nyumba, ukudya pa mbale ya Atate, pamene mlongo wako ankalimbirana makoko ndi nkhumba. Ndani mwa awirinu amene wapindula? Pa Mateyu 20 olembedwa ntchito m'mamawa anang'ung'udza chifukwa olembedwa dzuwa litapendeka analandira zofanana nawo, ndipo mwini munda anawafunsa ngati diso lawo laipa chifukwa iye ndi wabwino. Funso limeneli linandilasa ine, ndipo ndinalira nalo masiku ambiri ndisanapeze mtendere.

Ukamuwerengere wodwalayo za wachifwamba wa pamtanda pa Luka 23. Manja ake anali okhomedwa, sakanatha kupereka chopereka kapena kubweza zimene anaba, ndipo chimene anali nacho ndi pempho lokha loti Yesu amukumbukire. Anauzidwa kuti tsiku lomwelo adzakhala naye m'Paradaiso.

Mayi wa ku Dedza analembanso kuti:

Ndikuthokozeni nonse atatu. Agogo, mawu anu andipweteka koma ndawalandira, chifukwa ndazindikira kuti ndakhala ndikuwerengera Mulungu masiku anga ngati wa ganyu.

Dzulo madzulo ndinamuwerengera mlongo wanga Luka 15 yonse. Nditafika pamene atate akuthamanga, anandipempha kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza katatu iye akungoyang'ana kudenga misozi ikutsikira m'makutu. Za mkazi wake sindinayambitse ndine. M'mawa uno wandipempha yekha kuti nditumize uthenga kumudzi, ndipo mlamu wangayo wavomera kubwera ndi ana Loweruka, ngakhale wanena kuti mtima wake sunapole ndipo ine sindinamukakamize. Lamulungu ndikaonana ndi abusa ndi akulu a mpingo wa dera lathu kuti adzamuchezere ndi kumva kulapa kwake ali pamphasa pomwepo, popeza kuyenda mpaka kutchalitchi sangathe, ndipo wandiuza kuti akulakalaka kudyanso Mgonero.