Ndithandizeniko pa za projectile motion

Akuluakulu a fizikisi ndithandizeniko, mutu waima apa. Funso likuti mpira wamenyedwa pa liwiro la 20 m/s pa madigiri 30, g (mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi) titenge 10. Ndapeza kuti ukhala m'mwamba masekondi 2, ukwera mamita 5 nkukagwera pa mamita 34.6, pamenepo palibe vuto. Koma ndikaika madigiri 60 mtunda ukubwera womwewo 34.6 chonsecho mpirawo ukukhalitsa m'mwamba pafupifupi masekondi 3.5, zikutheka bwanji zimenezi? Chinanso aphunzitsi amati 45 ndiye imafikitsa kutali kwambiri koma oponya shot put amaponya motsikirapo, kodi ndi mphepo kapena poti chitsulocho chimachoka m'manja chili kale pamwamba? Formula ndikuidziwa, ndikungofuna kumvetsa chifukwa chake basi.