Za tinjira ta pamalo panga paja

Mu Okutobala ndinafunsa mmene ndingalambulire tinjira toyendamo popitidwa mphepo pa maekala anga awiri otsetsereka ku Dedza. Zikomo inu amene munandilangiza kuti ndidikire kaye mvula, ndione kumene madzi amadzera. Munanena zoona. Kanjira kamene ndinkafuna kolunjika kumwala waukulu uja kakanasanduka ngalande, chifukwa mvula ya mu Januwale inakumba pomwepo mpaka mizu ya msuku kuonekera.

Pano ndakadutsitsa mopingasa, ndikuyeza ndi A-felemu yansungwi (chida chooneka ngati chilembo A choyezera levulo pamalo otsetsereka) monga timachitira pa akalozera, ndipo kumunsi kwake ndadzala vetiva. Sindinagwetse mtengo ngakhale umodzi, ndangosadza nthambi zokwapula kumaso. Ana akuzungulira mphindi 15.

Chatsala n'kachithaphwi kakumunsi. Ndiyalepo miyala? Matabwa ndikuopa kuti awola msanga.